Choko cha Bambo pa Mabuleki a Pikapu

Ndikukumbukira kuti ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu pamene anandituma ku Dedza boma kukagula zitsulo za mabuleki, ine mwana wamkazi amene ngakhale sipanala ndinali ndisanaigwirepo. Bambo anga anali mphunzitsi ku Kasina, ndipo anali ndi pikapu yakale yoyera imene anagula kwa mlimi wina wa mbatatesi. Loweruka la sabata imeneyo pikapuyo inkayenera kunyamula amayi a kwaya, pamodzi ndi mayi anga, kupita ku ukwati ku Golomoti. Wopita ku Golomoti amatsika Khwekhwerere, msewu wokhotakhota umene phompho limakhala pambali pako mpaka kukafika kunsi. Ndiye Lachitatu mabuleki akumbuyo anayamba kulira.

Anamasula matayala ndi a Ngozo, makaniko wokalamba wa m'mudzi woyandikana ndi mishoni. Maso awo anali atachita ng'ala, moti munthu ankamudziwa ndi mawu. Anatulutsa chitsulo chopindika ngati chikwakwa, chimene ankachitcha shuzi, nachikulunga m'thumba la feteleza.

"Chakalechi chipite nawe, Veronika," anatero. "Wogulitsa akachigundanitse ndi chatsopanocho iwe ukuona."

Bambo anali ndi mayeso oti achonge, n'chifukwa chake ulendo unagwera ine. Anatsegula buku la galimotoyo, nandilembera papepala dzina lake, chaka chake ndi nambala ya chitsulocho, ndi zilembo zawo zoongoka zija za pabolodi.

Lachinayi m'mawa ndinavala diresi langa lachikasu la kutchalitchi. Ndisanafike pamsewu waukulu ndinaona kuti thumba lija landipaka zakuda m'chiuno. Ndinaganiza za atsikana a ku sekondale amene amayenda awiriawiri ku boma, onunkhira sopo, ine n'kumadutsa pakati pawo ndi chitsulo chadzimbiri ngati wotola zakudzala. Kodi pepala ndinalibe? Kwathu chinthu chikalembedwa, nkhani inkathera pomwepo. Ndinabisa thumbalo m'chitsamba pafupi ndi kamlatho, n'kukwera minibasi ndili wopepukidwa.

Wogulitsa anawerenga pepala, nanditsitsira katoni yokhala ndi nambala yomweyo. Ndinabwerera ndikuyenda monyang'wa.

A Ngozo sanafunse za katoni. Anatenga shuzi imodzi, natsinzina, n'kuyendetsa chala chachikulu pamsana pake kuchokera nsonga ina kufika ina. Kenaka analowetsa dzanja mu dilamu, mbale yachitsulo imene shuziyo imakhuza galimoto ikamaima. 

"Aphunzitsi, si izi."

"Koma a Ngozo, nambala ndi yomweyi ili m'bukumu," anatero bambo, magalasi ali pamphuno.

"Buku silinama, koma likunena za galimoto imene inachoka ku fakitale. Mtanda wonse wa matayala akumbuyowu ndinaika ndine, ikadali kwa mwini wake woyamba. Tinakauchotsa pa galimoto ina ku Mozambiki. Tandibwerekani choko."

Bambo sankasowa choko m'thumba la malaya. A Ngozo anapaka msana wonse wa shuzi ija mpaka unayera mbee, naigoneka mkati mwa dilamu, n'kuikhuza uku ndi uku. Ataitulutsa anaiika m'manja mwanga.

"Maso ndi ako, mwana. Choko chachoka pati?"

Ndinayang'ana. Chinali chitachoka pakati pokha, kamalo kokwana zala ziwiri. Kwina konseko kunali koyera ngati sikunakhudze kanthu. Ndinawauza.

"Ndi pamenepo pokha pamene pakanagwira amayi ako," anatero mosakweza mawu. "Kulowa zikanalowa, ndipo pachidikha pano galimoto ikanaima bwinobwino. Koma pa Khwekhwerere kamaloko kakanatentha musanafike pakati pa phiri."

 Ndinachita mantha chifukwa cha mayi, koma ndinachitanso mantha ena amene sindinkawadziwa: munthu wosaona nkhope yanga anali ataona ndi chala chinthu chimene buku, bambo ndi wogulitsa sanachione. A Ngozo atandifunsa kumene kunali chakale chija, ndinaulula zonse ndikulira.

Bambo sanandimenye. Anangoyang'ana choko chili m'manja mwa a Ngozo, nati, "Lero taphunzira tonse awiri." Lachisanu m'mamawa, nkhungu ili tolo ndipo chisanu chikuluma zala, ndinakatenga thumba lija m'chitsamba. Ndinalisenza pamutu ndi nkhata kudutsa pakati pa boma, ndipo atsikana a ku sekondale aja sanatembenuke n'komwe. Wogulitsa wa dzulo analandira katoni yake mosavuta, koma zofanana ndi chakalecho analibe. Zinapezeka m'sitolo yachitatu, pansi pa alumali, katoni yake ili fumbi lokhalokha ndipo yolembedwa dzina la galimoto ina. Ndinazigundanitsa ndekha msana ndi msana, bowo ndi bowo. Madzulo a Ngozo anapakanso choko, ndipo ulendo uno chinachoka chonse.

Loweruka anandilola kukwera nawo. Titayamba kutsika, amayi a kwaya anasiya okha kuimba. Kunsi kutali chigwa chinkaoneka ngati mphasa yoyala, nyumba zili ting'onoting'ono. Ine ndinagwira chitenje cha mayi, makutu ali pansi pa galimoto. Pokhota paliponse bambo akaponda, ndinkamva pikapu ikudzigwira mofatsa, popanda kulira, ndipo m'maganizo mwanga ndinkaona chala cha a Ngozo chikuyenda pachitsulo. Titafika kunsi amayi anayamba nyimbo yothokoza Mulungu. Apo m'pamene ndinasiya chitenje cha mayi.

Lero ndine namwino, ndipo mapepala ndimawalemekezabe monga mwana wa mphunzitsi. Koma ndinazindikira kuti pepala limanena za munthu monga analili tsiku limene linalembedwa, pamene iye wadutsa m'zambiri zimene palibe anazilemba. Wodwala akandipatsa kabuku kake ka kuchipatala ndimakawerenga konse, kenaka ndimakaika patebulo. A Ngozo anamwalira kalekale osadziwa ntchito imene ndinadzagwira. Koma ndikagwira dzanja la wodwala kuti ndimve mmene magazi akuyendera, anzanga amandiseka kuti ndimatsinzina.