Manja Ofewa a Odilon Baeyens

M'tauni ya Ninove munali madokotala, ansembe, ndi oweta nkhunda zampikisano odziwika mpaka ku Brussels. Koma munthu wamkulu kuposa onsewa, malinga ndi kunena kwa eni ake, anali a Odilon Baeyens, amene anasewera makina a bingo m'bala ya mayi Godelieve kwa zaka makumi atatu osawazimitsa ngakhale kamodzi.

Musaseke. Imeneyo ndiyo inali ntchito yawo padziko lino. Kufakitale ya machesi ankangopitako kukapumitsa manja.

Makinawo anali chibokosi cha miyendo inayi chochokera ku America, chakale kuposa mano awo oikirira. Umaponyamo ndalama, n'kutulutsa timipira tisanu tachitsulo, kamodzikamodzi. Timatsetsereka pathabwa la mabowo makumi awiri ndi asanu, bowo lililonse ndi nambala yake, ndipo manambala atatu akayaka mondondozana pagalasi, wapambana. Chomenyera kampira palibe. Chida chako ndi thupi lako lomwe, kugwedeza bokosi kuti kampira kagwere pomwe ukufuna. Koma m'katimo muli kamtovu kolendewera pakati pa mphete yachitsulo. Ukagwedeza mopyola, kamtovu kakhudza mphete, magetsi onse thi, pagalasi payaka liwu limodzi lokha, TILT, kutanthauza kuti wapendeketsa, bala yonse n'kukuseka.

Aliyense zinamugwerapo. Ngakhale bambo mfumu a parishi zinawagwera, ndipo mawu amene ananena tsikulo m'buku la Misa mulibe. A Odilon okha ayi. Ankafika folo koloko, kuika mowa pambali, n'kuyamba kuligunda bokosilo ndi chiuno, kulikankha ndi mimba mpaka matambula kunjenjemera pashelefu. Makina phee, osadandaula. Mpaka seveni koloko wina asayerekeze kuyandikira.

"Ndi manja, ana inu," ankauza madala anzawo, akutambasula zala ngati soseji. "Kuwagwira ngati mkazi wa eni."

Mayi Godelieve atakalamba anatseka bala, makina n'kugulidwa ndi Dokotala Claeskens, wozula mano wa ku Gent. Anthu a mtundu wa dokotalayu muyenera kuwamvera chisoni. Anali ndi makina khumi ndi anayi m'chipinda chapansi, ndipo sankawasewera. Ankawapukuta. Ankavala magolovesi oyera, kutsegula kumbuyo, n'kumanunkhiza mawaya otentha maso ali chitsinzire. Chipsera cha ndudu pathabwa ankachitcha mbiri. Pamalo pamene mimba ya a Odilon inafafaniza penti mpaka thabwa kuwala, analetsa wantchito kupukutapo.

Atamva za munthu wosazimitsa makina, anawalembera kalata. Lamulungu masana kubwera osonkhanitsa makina anzake ochokera ku Holland ndi ku Germany, ndi kamera. Kodi katswiri angalole kudzaonetsa luso lake?

Kalatayo a Odilon anaiwerengera wometa tsitsi, wogulitsa tchipisi, ngakhale munthu wina wongodikira basi. Anatulutsa suti ya ukwati, imene mabatani ake anali atasiya kale kulankhulana ndi mabowo. Anatenganso mayi Godelieve, amene ankawatchula mwachidule kuti Lieve, kuti akakhale mboni.

"Odilon, m'sitima muno mukuzizira," mayiwo anatero ali m'njira. "Bwanji tikangomwa khofi n'kubwerako?"

"Nsanje, Lieve. Zaka makumi atatu umangoonera ulere."

M'chipinda chapansi cha dokotala munali amuna asanu ndi atatu a ndevu zaimvi, onse atawerama pa makina akewo ngati aona khanda.

"Ndawabwezera mwakale ndithu," dokotala anatero monyada. "Kanthu kamodzi kokha kanasowa m'kati, ndaikamo katsopano. Katswiri, bwalo ndi lanu."

A Odilon anapuma mozama, anapukuta zala pasuti, n'kutulutsa kampira koyamba. Kanayenda bwinobwino, kakulowera ku bowo la nambala naini. Iwo ankafuna sikisitini. Anakankha pang'ono ndi mimba, mwachikondi, monga mwa masiku onse.

Thi.

Liwu lija linayaka pagalasi, lofiira ngati diso la chidakwa.

"Magetsi anu ndi ofooka, adokotala."

Anaponya ndalama ina. Thi. Inanso. Thi. Kachinayi makina anazima iwo asanatulutse n'kampira komwe, atangotsamirapo kuti apume. Mjeremani wa kamera anafunsa mwaulemu ngati katswiri weniweni akubwera pambuyo.

"Mwawaononga," a Odilon anatero, khosi litatupa. "Makina awa amandidziwa. Lieve, auze anthuwa."

Mayi Godelieve anatsegula kachikwama kawo, anasuntha mpango ndi maswiti a chifuwa, n'kutulutsa kamtovu kakuda, kosalala ngati mwala wa mumtsinje.

"Kamakudziwa ndi aka," anatero. "Tsiku lililonse, folo koloko isanakwane, ndinkatsegula makina ngati ndikuchotsa ndalama, n'kukolowola aka, kuika m'thumba la epuloni. Iwe ukapita kukadya, ndinkakabwezera. Tsiku logulitsa ndinaiwala."

"Ukunama."

"Sabata yako yoyamba unazimitsa makina katatu, n'kuponya mpando pazenera. Waiwala?"

"Tsiku limenelo kunali mphepo."

"Mphepo yovala chipewa chako. Malemu amuna anga anati tisankhe, kugula galasi sabata iliyonse kapena kuchotsa kamtovu. Manja ofewa ati, Odilon? Iwe umagwedeza ngati ng'ombe yodzikanda pamtengo."

A Odilon anadikira kuti awaseke. Anali atakonzeka kukwiya, atasankha kale ndi mpando womwe. Koma palibe anawayang'ana. Amuna asanu ndi atatu aja anali atazungulira dzanja la mayi Godelieve, pakamwa yasa.

"Koyambirira," dokotala ananong'ona. "Kochokera kufakitale. Mayi, musakagwire ndi manja, chonde."

"Ndakagwira zaka makumi atatu, bambo. Kagonapo ndi makiyi a kuchimbudzi."

Wina wa ku Holland analemba zimenezo m'kabuku. Anakanyamula ndi magolovesi, kukayeza pasikelo, kukajambula mbali zonse. Munthu amene anapereka moyo wake ku makinawo anaima pakona ngati ambulera yonyowa.

Patapita nthawi dokotala anawakumbukira.

"Bambo Baeyens, tabwerani. Musasewere, chonde, musakhudze chilichonse. Ingoimani apa. Tikufuna tione ngati mimba yanu ikugwirizana ndi pofufutika penti paja."

Munthu wa ulemu wake akanatenga chipewa n'kutuluka. A Odilon anayang'ana chitseko, anayang'ana kamera. Kenaka anamasula batani limodzi lokha limene linalola kumangika, n'kusendera pafupi.

Inagwirizana ndendende. Anthu anaomba m'manja.

Za manja ofewa sanazitchulenso, ndipo madala anzawo akawaona pamsewu amangotsamira khoma n'kunena kuti thi. Iwo sizikuwakhudza. Mukawapeza pa tchipisi Lachisanu, adzakugwirani mkono, n'kudzisisita pamalaya.

"Mimba iyi, mwana iwe," adzatero, "ku Germany akuidziwa."