Ndani Anakutumani Kuwongola Ng'oma?

Ku Banket kuli munthu amene wandiwonongera nyimbo, ndipo mpaka pano akudikira kuti ndimuthokoze. Inu amene mumakaikitsa nyimbo pa memori khadi m'tawuni muja, khalani pansi mumve.

Dzina lake sinditchula. Walitchula kale yekha mokwanira, mumva posachedwapa. Kashopu kake kali kuseri kwa pokwerera makombi, maminibasi athu aja, pakati pa mayi wogulitsa mazira owiritsa ndi wosoka nsapato. Amavala chipewa chofiira cha ubweya ngakhale dzuwa likuswa mtengo.

Ndiyambe ndi chimene ndinapitira kumeneko, chifukwa ena mwayamba kale kufunsa kuti mayi wosankha fodya pa pulazi akufunanji ndi nyimbo za magitala.

Bambo anga, amene komboni yonse imawatcha Sekuru Banda, kunena kuti Agogo Banda, anali oimba mbalule. Kwa inu amene simunakulire pafupi ndi gule, mbalule ndi ng'oma imene siyenda njira imodzi ngati zinzake. Iyo imatsata mapazi a wovina. Akathamanga imathamanga, akaima mwadzidzidzi imaima, akatembenuka imatembenuka naye. Bambo anaiimba kuyambira ine ndisanabadwe. Loweruka ali pabwalo, Lamulungu ali pa benchi yakutsogolo kutchalitchi, ndipo palibe amene anawafunsapo mafunso.

Chaka chatha, nthawi yowotcha fodya, anagwa pafupi ndi mabani. Sitiroko. Dzanja lamanja linafooka, pakamwa panapotoka pang'ono. Kuchipatala anatiuza kuti kulankhula angathe ndithu, bola azilimbikira. Bambo sanalimbikire. Anangotseka pakamwa. Ukawafunsa kanthu amagwedeza mutu basi. Panja satuluka, alendo sawafuna, jekete yawo ya kutchalitchi ili pa msomali mpaka yachita fumbi. Ng'oma zikamveka kubwalo amatembenukira kukhoma. Sindibisa, zimandipweteka kwambiri. Munthu amene ankadzutsa komboni yonse ndi manja ake, lero tikumusowa tili naye m'nyumba imodzi.

Ndiye mchimwene wanga Yohane, amene amatsuka mbale mu lesitilanti ina ku Kepi, anatumiza nyimbo imodzi pa foni. Anati, "Tamva zimene wophika wathu amatizunza nazo tsiku lonse, useke." Sindinaseke. Nyimboyo imayamba mwakachetechete moti ndinaganiza kuti foni yafa. Kenako gitala imalowa pang'onopang'ono, kenako ng'oma. Kutalika kwake, ndinatereka mbatata ikuyamba, zinapsa isanathe.

Pakati pake ng'oma imachita chinthu chachilendo. Ikuyenda, ikuyenda, kenako n'kudumpha phazi limodzi ngati munthu wolumpha chithaphwi. Nditacheuka ndinaona zala za Bambo za kumanzere zikugogoda pa mkono wa mpando. Ng'oma itadumpha, zalazo zinadumpha nayo. Ndinaibwereza. Mawa lake ndinaibwerezanso. Patapita masiku, chala chimodzi cha dzanja lofooka lija chinayamba kugwedera nacho.

Yohane anandiuza kuti mtundu umenewu amautcha progressive rock. Ine ndimangoti nyimbo zotembenuka. Ndinayamba kuzisaka. Nthawi ya tiyi, anzanga a kushedi ali kalikiliki ndi mavidiyo a maukwati, ine ndili pamwamba pa chulu kuseri kwa shedi, pamene netiweki imagwira, kuwerenga za zimbale zatsopano. Zakale zilipo zambiri, koma ine zinandikoka ndi za achinyamata a masiku ano, amene sakhutira ndi kubwereza za makolo awo. Ena amasakaniza gitala ndi malipenga. Ena amabweretsa ng'oma za kwawo zoimba ndi zala. Gulu lina limayamba nyimbo ngati kwaya ya pamaliro n'kuimaliza ngati mvula ya matalala pa malata. Ndinazikonda inenso, musaganize kuti ndinkangochitira Bambo. Vuto lake, ukamvera kachidutswa kamodzi bandulo yatha. Kutsitsa chimbale chonse pa foni yanga? Ndiye kuti ndigulitse nkhuku zonse ndi khola lomwe.

N'chifukwa chake Loweruka lina m'mawa ndinakwera kombi kupita kwa mukoma, achimwene aja a chipewa chofiira, chifukwa iye ali ndi intaneti yosatha.

Ndisanapereke n'komwe moni, anafunsa kuti, "Sisi, gospel kana sungura?" Ankafunsa ngati ndikufuna nyimbo zauzimu kapena zovina za kuno. Ndinamuonetsa mayina a zimbale pa foni. Anawerenga, anandiyang'ana kuyambira pa duku mpaka pa patapata, n'kuwerenganso. Anafunsa ngati wandituma ndi murungu, mzungu wa pa pulazi uja. Ndinati ayi, ndi zanga. Anati, "Aiwa, sisi, musachite manyazi, kutumidwa si mlandu." Kodi makutu a munthu wa m'komboni anawalembera nyimbo zake pobadwa? Ndinamuuza momveka bwino kuti atsitse zimbalezo mmene zilili. Asachotse kanthu, asawonjezere kanthu. Anati zvakanaka, zili bwino, ndibwere masana. Ndalama analandiriratu, pamenepo sanachedwe.

Masana ndinapeza loko pachitseko. Mayi wa mazira anati mukoma wapita kukaonera mpira, komanso magetsi athima, ndisankhe ndekha chifukwa chimene chandisangalatsa. Ndinabwerera kupulazi chimanjamanja.

Loweruka lotsatira ndinamupeza. Anandilandira ndi kumwetulira kwa munthu amene wapha njoka m'nyumba mwa apongozi. Anandipatsa khadi n'kunena kuti, "Ndakuchitirani zapadera, sisi. Mudzandithokoza." Ndinati tiyese kaye pompano. Anati sipika yake yabwerekedwa ku ukwati ku Raffingora. Panja kondakitala anali akukuwa kuti kwatsala malo a munthu mmodzi. Ndinathamanga ndi khadi langa.

Kunyumba ndinasesa, ndinakhazika Bambo bwinobwino pa mpando wawo, Amayi anasiya kusenda mtedza. Ndinalowetsa khadi mu wailesi.

Choyamba kumveka chinali sayirini ya polisi. Kenako botolo kusweka. Kenako dzina la mukoma uja, mokuwa, mobwerezabwereza, ndi mawu a mzimayi wina akulengeza kuti ameneyu ndiye katswiri wa nyimbo m'Banket monse. Kenako nambala yake ya foni. Amayi anafunsa ngati nyimboyo ndi imeneyi. Ndinati ayi, tidikire.

Tinadikira. Kuyamba kwakachetechete kuja kunalibe, anakudula. Nyimbo zotalika zija anazidula mapisi, iliyonse kufupika ngati kulengeza kwa maliro pa wailesi. Gitala ikangoti iyambe kufotokoza nkhani yake, sayirini. Woimba akangoti akoke mpweya, botolo, dzina, nambala. Koma zonsezi ndikanapirira. Chimene chinandiwawa n'chakuti pansi pa nyimbo iliyonse anaikapo ng'oma yake ya mu kompyuta. Gu, gu, gu, gu, kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ngati injini yathu yopopa madzi kudamu. Ng'oma zenizeni zija zinkangomveka patali, zikulimbana ndi injiniyo.

Ndinayang'ana dzanja la Bambo. Zala zinadzuka, zinagogoda pang'ono, zinaima m'mwamba kudikira podumphira. Podumphirapo sipanabwere. Zinadikirabe. Kenako zinagona pa mkono wa mpando, Bambo n'kutembenukira kukhoma. Ndinazimitsa wailesi.

Lolemba nthawi ya tiyi ndinakwera chulu changa n'kumuimbira. Nambala yake sindinavutike nayo, ndinali nditaiimva mokwanira moti ndingathe kuitchula ndili mtulo.

Ndinamufunsa kuti poyambira nyimbo padapita kuti. Anati mafailo anabwera owonongeka, poyamba panalibe mawu, ndiye wandichotsera pakufapo. Ndinamufunsa chifukwa chake anazidula. Anati nyimbo yake iti imene kombi ingachoke pa Banket mpaka kufika ku Chinhoyi isanathe? Anati anthu angatsike. Ndinamuuza kuti kunyumba kwathu si kombi, palibe wotsika. Anaseka, n'kunena kuti ndine wanthabwala.

Nanga ng'oma ya injiniyo? Apa mawu ake anasintha, anayamba kulankhula ngati dokotala. Anati, "Sisi, woimba ng'oma wa anthu amenewa ndi chidakwa. Amaphonya. Ndinamvetsera bwinobwino, akuyenda, akuyenda, kenako waphonya. Gulu lililonse chimodzimodzi, hameno kuti amamwa chiyani. Ndinakhala masana onse kuwongola." Anawonjezera kuti ena ntchito imeneyo amalipiritsa padera, koma ine wandichitira ulere chifukwa ndine mwana wa kwa a Banda ndipo agogo ake nawonso anachokera ku Dedza.

Mwamva? Magulu a mayiko osiyanasiyana, anthu osadziwana, onse analedzera tsiku limodzi n'kuphonya pamalo ofanana. Anajambula, anamvetsera, anatulutsa zimbale, dziko lonse osazindikira, mpaka nkhaniyo inafika kuseri kwa makombi a ku Banket.

Ndinamufunsa kuti ndani anamutuma. Anati munthu angavine bwanji nyimbo yopunduka chonchija. Ndinati sitimafuna kuvina. Anafunsa, mofatsa ndithu, "Nanga nyimbo ndi ya chiyani?" Pamenepo ndinaona kuti munthuyu si woipa mtima. Amakhulupiriradi kuti wandipulumutsa. Choopsa chake n'chimenecho.

Ndinati chabwino, andipatse zoyamba zija, zosakonza. Anati anafufuta, kompyuta inadzaza. Ndikafuna ndibwerenso adzatsitse kachiwiri, koma dzina lake sachotsa, ndi lamulo la pashopu. Lamulo analikhazikitsa ndani? Iye yemwe. Pashopu amagwira ntchito ndi ndani? Iye yekha. Belu la kushedi linalira ndisanamuyankhe, ndipo mwina zinathandiza, chifukwa yankho limene linali pakamwa panga si la munthu wa mu kwaya.

Madzulo nditaweruka ndinafikira kudandaulira Amayi pakhomo. Ndinawafotokozera zonse, za kombi ya ku Chinhoyi, za agogo a ku Dedza. Nditafika poti mukoma akuti woimba ng'oma ndi chidakwa, amaphonya, tinamva mawu kuchokera m'nyumba.

"Saphonya."

Tinayang'anana ndi Amayi. Mawuwo anali olemera, okokeka, koma anali a Bambo. Tinalowa. Anali atatembenuka, akutiyang'ana, nkhope ili gwa ngati mmene ankachitira wina akalakwitsa pabwalo. Pakamwa panagwira ntchito nthawi yaitali mawu ena asanatuluke. Palibe amene anawathandiza.

"Akutsata mapazi."

Ndinagwada pafupi ndi mpando. Ndinati, "Mapazi a ndani, Ababa? Mulibe wovina m'menemo." Anandiyang'ana ngati ndafunsa zopusa, n'kudzigogoda pamutu ndi chala. Anapuma. Kenako anafunsa kuti wanena zimenezo ndani. Ndinati munthu wina wa ku Banket. Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, maso awo n'kupita pa msomali paja.

"Jekete."

Amayi anaichotsa pa msomali n'kutuluka nayo panja kuti akaikunthe fumbi. Anaikuntha nthawi yaitali kuposa fumbi limene linalipo. Atabwera maso anali ofiira, anati ndi fumbilo.

Ndiye anthu inu, chenjerani. Mukapita kukaikitsa nyimbo kuseri kwa makombi kuja, musachoke osamvera, ngakhale akuuzeni kuti sipika ili ku ukwati. Ndipo akakuuzani kuti wakuchitirani zapadera, khalani pansi kaye mufunse kuti zapaderazo ndi zotani.

Tsopano inu mukoma wa chipewa chofiira, ndikudziwa kuti uthengawu ukufikani, mayi wa mazira ali m'gulu lathu lino la pa foni. Loweruka likubwerali tikubwera. Musapite ku mpira. Magetsi akathima tidikira. Mutsitsenso zimbale zanga zonse mmene eni ake anazipangira, popanda sayirini, popanda botolo, popanda injini. Dzina lanu mulilembe pachitseko, n'kumene limakhala. Za kuthokoza mukudikirazo, tikambirana mukamaliza.

Mubwerekenso mpando wabwino kwa wosoka nsapato, chifukwa sindibwera ndekha. Sekuru Banda sanatulukepo pa geti la pulazi chibwerereni kuchipatala, koma jekete yasitidwa kale, ndipo akuti akufuna akuonetseni okha pamene mukuti ng'oma inaphonya. Ndikuchenjezeni chinthu chimodzi. Masiku ano amalankhula pang'onopang'ono. Amayamba mwakachetechete, amatenga nthawi, ndipo mawu ena amatuluka opindika. Musawadule, musawathamangitse, musawawongolere. Akakhala chete pakati, sikuti amaliza. Mudikire.