Dzina la Chilombo cha Mitu Itatu

Mvula yoyamba ikagwa pa fumbi la malasha ku Moatize, pamamveka fungo ngati la mbaula yozimitsidwa ndi madzi. Fungo limenelo ndi lomwe linatilandira titasamuka ku Zóbuè, bambo atapeza ntchito kumgodi wa ku Benga. Ndinali kamtsikana kamanyazi, ndipo m'bairo lathu, dera lotchedwa 25 de Setembro, sindinkadziwa aliyense.

M'nyumba yoyandikana nafe munkakhala Délcio, mnyamata wochokera ku Maputo. Anali ndi buku lachipwitikizi lopanda chikuto, lodzaza zithunzi za zilombo zopeka, komanso madado, timiyala ta manambala timene tinkaponya m'mbale yachitsulo. Iye ankasimba nkhani, pomwe ine ndi Fátima, mtsikana wachinyungwe, tinali alenje a m'nkhanimo. Dzinja lonse tinkasewera pakhonde pawo, mvula ikugogoda malata, sitima ya malasha ikulira chapatali.

Lamulo lake linali lakuti mkondo sulasa chilombo ngati sunatchule bwino dzina lake. Chachikulu, cha mitu itatu, chinalembedwa kuti Xorgrath. Lilime langa lakumapiri linkakana zilembo zothithikana choncho, ndinkati Sholigalati. Délcio ankapukusa mutu, mlenje wanga n'kuvulala. Ndinkayeserera dzinalo potunga madzi, mpaka mayi anandifunsa ngati ndayamba kulankhula malilime.

Tsiku lina mlenje wanga anatsala pang'ono kufa, ndipo wakufa ankatuluka m'masewero. Ndinkaopa kutuluka, poti anzanga anali awiri okhawa. Ndisanatsegule pakamwa kuti nditchule dzina la chilombocho, Fátima analankhula.

"Iwe Délcio, dzulo unati Shorgrat, lero ukuti Kisorgrat. Chinakuuza chokha dzina lakelo?"

Délcio anazolika, akufinya dado m'manja. "Palibe anandiuzapo," anatero motsitsa mawu. "Bukuli bambo anangolitola kukampu ya antchito."

Kenako anandipatsa dadolo. "Tchula mmene umatchulira."

Ndinati Sholigalati, ndinaponya, mkondo unalasa. Kuyambira pamenepo, woyamba kukumana ndi chilombo ndiye ankasankha katchulidwe kake. Chimanga chisanakhwime, ntchito ya bambo ake a Délcio inatha ndipo anabwerera kwawo.

Nthawi imeneyo ndinkaganiza kuti tinagonjetsa munthu wonyada. Lero ndimaona kuti anali mwana amene anyamata a m'bairo ankamuseka iye akayesa kulankhula Chinyungwe. M'tauni yonseyo, mawu amene panalibe womukonza powatchula anali mayina a zilombo zija basi, ndipo anatipatsa omwewo.