Chisamani cha ku Area 9

Chaka chimene maofesi a boma ankasamuka ku Zomba kubwera ku Lilongwe, amuna anga anali mesenjala pa khoti la majisitireti ku tauni yakale. Anali okha. Mnzawo anasiya n'kukalowa ntchito ya zomangamanga ku City Centre, poti kumeneko malipiro anali abwinopo, ndipo a khoti sanalembenso wina. Anthu ankachuluka, milandu nayonso, koma njinga inali imodzi. Amuna anga ankasesa m'khoti, kuitana mayina pakhomo, kenako n'kupalasa njinga kukapereka zisamani, mapepala oitanira munthu ku khoti. Malipiro ankatha mwezi usanafike pakati. Anali asanawatsimikize pa ntchito, moti akanangolakwitsa kamodzi tikanabwerera kumudzi.

Lachiwiri lina anadzuka ndi malungo. M'thumba la yunifolomu munali chisamani cha bambo wina wa ku Area 9, mboni pa mlandu wa malata obedwa. Mlanduwo unali utaimikidwa kawiri chifukwa mboniyo sinkapezeka pakhomo, ndipo a majisitireti ananena kuti pepala likapandanso kufika, afuna mesenjala wina. Mlandu unali Lachinayi.

"Amake mwana, ndipumuleko pang'ono ndinyamuke," anatero akunjenjemera. Anagona osadzukanso mpaka dzuwa linakwera.

Ine sukulu ndinalekeza Sitandade 3, koma manambala ndimawadziwa. Manyazi ndiye ndinali nawo ambiri, ngakhale ku Msika wa Lilongwe sindinkatha kunenerera mtengo. Komabe ndinakulunga pepalalo m'mpango, ndinabereka mwana, n'kuuyamba wapansi.

Ku Area 9 kunali zii. Mipanda ya maluwa, agalu, koma munthu womufunsa njira panalibe. Nditaipeza nambala ija ndinazungulira kuseri, monga amachitira amayi ogulitsa ndiwo, n'kugwada pakhomo la khitchini.

"Tomato tagula kale, mayi," anatero mayi a panyumbapo.

"Si tomato ayi. Ndi pepala la ku khoti."

Bambo aja anali atabwera kudzadya masana. Anatuluka, anawerenga pepalalo, kenako anandiyang'ana kuyambira kumapazi.

"Ndinu mesenjala inuyo? Yunifolomu yake ndi chitenjechi? Nanga ali kumbuyoyu ndiye majisitireti?"

Ndinangoyang'ana pansi. Sindinkadziwa kuti chisamani amapereka ndi munthu wa khoti yekha. Ndinkaganiza kuti chili ngati kalata ina iliyonse, bola yafika. Anakana kusaina, anandibwezera pepalalo.

"Kwerani galimoto, tikawafunse eni ake ngati ayamba kutuma amayi obereka ana."

Kanali koyamba kukwera galimoto yaing'ono, koma sindinaone chilichonse panjira. Ndinkangoganiza zomanga mapoto athu m'chiguduli, ndi zoti ntchito ya amuna anga ndaithetsa ndekha.

Ku khoti tinapeza a kalaliki, bambo wa ku Rumphi, mkulu wa mpingo, amene ankayankhula Chichewa mosathamanga. Masiku amenewo ankagwiranso ntchito yotanthauzira, poti womasulira panalibe. Anali pakati pa milu ya mafayilo, akumwa tiyi wozizira. Bambo aja anadandaula nthawi yaitali, a kalaliki akungomvetsera. Atatha, anatambasula dzanja kwa ine, ndinawapatsa pepala lija.

"Dzina ili n'lanu, bwana?"

"N'langa."

"Chabwino. Ine ndine wa khoti. Landirani. Sainani apa."

Bambo aja anatenga cholembera n'kusaina. "Ndiye kuti ndadzibweretsa ndekha, ndi petulo wanga."

"Mwatithandiza kwambiri. Njinga yathu yapumako lero. Tionane Lachinayi m'mawa."

Atachoka, ndinagwada n'kufotokoza kuti amuna anga akudwala malungo.

"Dzukani mayi, muno si m'tchalitchi," anatero a kalaliki. "Musadzachitenso zimenezi. Akanapita kwa a majisitireti osati kwa ine, bwenzi pano tikukamba zina. Amuna anu akadwala, muzibwera kudzandiuza."

"Ndiye muwauza a majisitireti?" ndinafunsa.

"Ndiwauza kuti mesenjala akudwala ndiponso kuti chisamani chafika. Palibe bodza pamenepo. Kenako ndilembanso kalata yopempha munthu wachiwiri, ngakhale makalata athu sitikudziwa ngati akupita ku Zomba kapena ali pa lole kubwera kuno."

Panja ndinakhala pansi pa mtengo n'kuyamwitsa mwana. Mtima unakhala m'malo.

Kunyumba ndinapeza amuna anga atadzuka, atatembenuza matumba onse a yunifolomu, akusakasaka pansi pa mphasa. Ndinawafotokozera zonse kuyambira pa tomato. Anakhala pansi, thukuta lili kamukamu. Ndinkadikira kuti andikalipira.

"Wasainadi?"

"Wasaina."

Anapuma mozama n'kutsamira khoma. Patapita kanthawi anafunsa, "Galimotoyo inali ya mtundu wanji?"

Mtundu wake sindinauone n'komwe. Mesenjala wachiwiri anabwera mvula itatha, ndipo njinga inakhalabe imodzi.