Mapilya a m'tochi ya abambo

Dzulo pamsika wa Domwe ndimasankha tochi yolimba, yoyendera mapilya ang'onoang'ono aja. Nditaiwalitsa pachikhatho, dzanja linafiira, ine n'kukumbukira abambo.

Ndili mwana ndinatenga tochi ya abambo mobisa, n'kumaiwalitsa choncho pachikhatho mpaka inazilala. Akuluakulu ankayanika mapilya padzuwa kuti atsitsimuke, koma ine pofulumira ndinawakwirira paphulusa lamoto. Anatuluka akununkha chitsulo chopserera. Ndinawabwezeramo osauza munthu.

M'bandakucha abambo anamanga thumba la kachewere panjinga, ulendo wokagulitsa ku Kalomwe. Anayatsa tochi, osayaka. Anaigogoda pabondo, osayakabe.

"Wogulitsa mapilya uja wandipusitsa," anatero. Atandiona nditaima pakhomo, anati, "Lowa m'nyumba mwanawe, ungatenge chimfine."

Ndinalowa m'nyumba, ndikumva njinga yawo ikugunda miyala m'nkhungu.