Alendo Osaoneka a kwa a Mhango

Ndikakumbukira a Mhango, ndimamva fungo la pulasitiki wofunda ndi polishi wofiira wapansi, fungo la pabalaza potseka mawindo dzuwa likuswa mtengo panja. Tinkayandikana nawo ku Area 3. Anali Mtumbuka wamtali wa ku Rumphi, wogwira ntchito m'boma ngati bambo anga, ndipo mabanja onse awiri tinachoka ku Zomba pa malole a boma likulu likusamuka, ku City Centre kukadali fumbi ndi milu ya njerwa.

Dziko lino linalibe wailesi ya kanema. Koma a Mhango atapita kukaphunzira ku Mangalande, anabwerako ndi TV, makina a vidiyo ndi katoni ya makaseti a masewero akale oseketsa, amene anajambula okha kumeneko. Ankawapukuta ndi kansalu kofewa, ndipo kaseti sinkalowa m'katoni asanaibweze poyambira. "Kuno sungawapeze, mwana wanga," ankatero. "Ikaduka, yapita."

Lamlungu tikaweruka kutchalitchi, ana tinkakhala pansi iwo n'kutseka makatani. Masewerowo anali ndi chodabwitsa: wina akanena choseketsa, khamu la azungu osaoneka linkafa ndi phwete.

Phwete limenelo ndi lomwe linaitana tsoka. Winawake, mpaka lero sitimudziwa, anakanena kupolisi kuti kwa a Mhango kumasonkhana azungu mobisa, galimoto panja palibe. Masiku amenewo nkhani yotere inkatengetsa munthu, makamaka wa kumpoto, ndipo ena otengedwa sankabwerako.

Anabwera Lamlungu lina masana, amuna ovala majekete, pa galimoto yoyera. Sanagogode. A Mhango anazimitsa TV.

"Alendo anu ali kuti?" anafunsa wamkulu wawo.

"Alendo ake ati, bwana? Ndili ndi anawa."

"Tawamva tili kumsewu. Musatiyese ana."

Anasuzumira kunsi kwa mabedi, m'kabati, ngakhale kudenga. Ine mkodzo unali pafupi kutuluka, koma sindinayerekeze kudzuka. A Mhango ankadziwa kuti makasetiwo sanadutse kwa oyang'anira mafilimu, ndiponso munali akazi ovala mathalauzi, chinthu choletsedwa nthawiyo. Kuwabisa kunali kuvomera msonkhano. Kuwaonetsa kunali mlandu wina.

"Ali m'bokosimu," anatero, n'kuyatsanso TV.

Mzungu wonenepa anaphonya mpando n'kugwa chagada. Khamu lija linaseka. Pabalaza panali zii.

"Akuseka ndani?"

"Mnzawo wagwayo, bwana."

"Mukutsimikiza kuti sakuseka boma?"

Amunawo ananyamula TV, makina ndi katoni, kenako anati a Mhango nawonso akwere, akalongosole bwino kutsogolo. A Mhango anatembenukira kwa ife. "Pitani kwanu, ana inu. Musathamange."

Anabwerako mango atapsa, mutu wometedwa, thalauzi lomangidwa ndi chingwe. Za makaseti sanafunse, ndipo palibe anawafunsa za kumene anali. Makatani awo sanatsekedwenso masana.

Ndakhala zaka ndikusakasaka masewero aja, ndipo ambiri ndawapeza pa ma DVD, oyera bwino kuposa mmene tinkawaonera. Adzaza shelefu yonse. Adzukulu anga amawakonda. Koma khamu lija likangoyamba kuseka, dzanja langa limathamangira rimoti n'kutsitsa mawu, maso ali pageti.