Malovu Amene Ndinatsuka

Kwathu ku Chigwa cha Shire tinakula tikudziwa kuti mano a munthu ndi oopsa kuposa a galu. Akakuluma munthu suchedwa: madzi otentha, mchere, kukhula mpaka magazi atuluke. Nzeru imeneyi ndinabwera nayo ku Zingwangwa, ndipo ndinkaiyesa nzeru ndithu.

Nthawiyo ndinkagulitsa tomato mumsika, ndikukhala ndi mng'ono wanga yemwe anali atangolemba mayeso a Fomu 4. Tinali ndi kamunda m'munsi mwa phiri la Soche. Tsiku lina masana, chimanga chitatalika kupitirira munthu, ndinamutuma kukathyola nkhwani. Anabwera wopanda nkhwani, wopanda chitenje, amayi awiri osawadziwa atamugwirira uku ndi uku.

Mwamuna wina anamudzera kumbuyo n'kumuveka thumba kumutu. Mtsikana analimbana naye, mwamunayo n'kumuluma pamkono. Amayi aja, amene ankachokera kotola nkhuni, atakuwa, mwamunayo anathawira m'chimanga. Nkhope yake palibe anaiona.

Mano anadinda bwinobwino, mizere iwiri, pakhungu pakadali ponyowa. Ndinachita mantha. Zaka zimenezo tinkangokhalira kumanda, ndipo m'mutu mwanga munangobwera kachilombo basi. Ndinatereka madzi pambaula. Ndinakhula ndi sopo, ndinakhula ndi mchere, katatu konse, iye akulira, ine ndikumukalipira: "Takhala chete iwe! Ukufuna ufe?" Anzathu oyandikana nawo anabweretsa sipiriti, ndinathiranso.

Kupolisi anatipatsa kalata yopita nayo kuchipatala. Adokotala, mayi wolankhula motsitsa, anauyang'ana mkonowo nthawi yaitali.

"Mwatsuka, mayi?"

"Katatu, adokotala," ndinayankha, ndi kakunyada komwe.

Anaika cholembera pansi. Anati kutsuka sikulakwa, balalo likanatha kuola, ndipo kachilombo sikayenda wambawamba ndi malovu. Koma anati malovu a munthu aliyense ali ndi chizindikiro chakechake, chotchedwa DNA. Tikanathamanga osatsuka, akanapukuta pabalapo ndi kathonje n'kusunga, kuti akagwidwa woganiziridwa afananitse. Sanatinamize: anati zoyezazo zinkachitikira kunja kwa dziko, ndipo mwina sizikanatheka. "Koma panopa ngakhale choti ndisunge palibe," anatero. Ndiye kuti chigawenga chija chinasiya dzina lake pamkono wa mwana, ine n'kulifufuta ndi manja anga.

Pobwerera, m'minibasi, mng'ono wanga anandinong'oneza zimene sananene kupolisi.

"Achemwali, munthu uja anandiitana."

"Anakuitana bwanji?"

"Dzina lija la kunyumba. Lija munkanditchula ndili mwana."

Dzina limenelo silinali pa setifiketi, ngakhale kusukulu sankalidziwa. Ankalidziwa ndi anthu olowa m'nyumba mwathu: akwathu a kuchigwa, a kumphakati kumene tinkasonkhana kupemphera, eni nyumba, alamu athu.

M'mawa mwake anthu omwewo anayamba kubwera kudzatipepesa. Ankakhala pakhonde, zipewa m'manja. "Pepani, masiteni, dziko laipa." Ine ndikuwapatsa mpando, ndikuwathokoza, maso ali pakamwa pawo. Wina akaseka ndinkawerenga mano. Koma mkono unali utatupa chifukwa cha mchere uja, ndipo sindinkakumbukanso ngati mizere ija inali ndi mpata kapena ayi. Ndinadana ndi amuna osalakwa, ndipo mwina wolakwayo ndinamuwiritsira tiyi.

Mtsikana anasiya kupita kutchalitchi. Munthu akagogoda ankathawira kuchipinda. Lamlungu lina anandifunsa, "Achemwali, mwa anthu aja, ndi uti?" Ndinangoyang'ana manja anga.

Pakutha pa mwezi ndinamukweza basi kupita kwa achibale akutali. Papita zaka, anakwatiwa, ali ndi ana. Ine ndikadali pabenchi langa lomwe lija mumsika. Amuna a nthawi ija ena akadalipo, imvi mbuu, ndipo akamagula tomato amafunsa mwaulemu, ndi dzina lomwe lija la kunyumba, kuti kodi mwana uja ali kuti masiku ano. Ndimamwetulira, ndimawaikira ya pulayizi, kenako ndimatchula boma limene iye sanapondeko.